Zimphona za pamzere: ntchito yodyera thupi, ndi phunziro lake kwa ife

Pamulu wa kaunjika pa Mponela kapena pa Ntchisi boma pamapezeka majezi ena amene amachedwa kugulidwa. Ndi onyezimira, otambalala m'mapewa, ndipo ali ndi nambala yaikulu pachifuwa ndi pamsana pomwe: 65, 72, 78. Wogulitsa akatambasula imodzi, anthu amagwira pakamwa n'kufunsana kuti mwini wake anali munthu wotani. Majezi amenewa ndi a mpira wa ku America. Nambala zoyambira 50 mpaka 79 n'zimene amavala amuna oima pamzere wakutsogolo, omwe eni masewerowo amawatcha ma lineman, anthu akuluakulu thupi kuposa wina aliyense m'bwalomo.

M'sukulu za ku Dowa ndi Ntchisi mpira umenewu mulibe, ndipo oonera kanema ambiri mtima wawo uli ku ligi ya ku England. Komabe moyo wa amuna amenewa ndi wofunika kuumvetsa, chifukwa umaonetsa poyera zomwe zimachitika munthu akasandutsa thupi lake kukhala katundu wa malonda. Umatifunsanso za mwana wojintcha uja amene anzake amamusiya kunja posankha timu, ati ngolemera.

Ntchito yake ndi yotani

Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Timu yokhala ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi khumi, omwe ndi mamita pafupifupi 9. Ikakwanitsa imapatsidwanso kanayi kena, mpaka ikafike kumapeto kwa bwalo n'kupeza mapointi. Ikalephera, mpira umapita kwa anzawo. Choncho masewerowa amaima ndi kuyambanso kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse amayambira pamzere pomwe mpira wagona.

Pamzerepo timu yokhala ndi mpira imaimika amuna asanu: wapakati amene amagwira mpira pansi, awiri oyandikana naye, ndi awiri a kumapeto. Moyang'anizana nawo pamakhala atatu kapena anayi a timu yotchinga. Asanu aja ntchito yawo ndi iwiri yokha: kutchinjiriza woponya mpira, amene amatchedwa quarterback, ndi kutsegula mpata woti wothamanga ndi mpira adutsepo. A mbali inayo cholinga chawo n'kuboola mpandawo n'kumugwetsa woponyayo asanaponye.

Tiyang'ane kamphindi kamodzi. Amuna onse awerama, dzanja pansi, zipewa zawo zolimba zatsala pang'ono kugundana. Wapakati akukuwa, kuloza ndi chala, kuuza anzake kuti uyu ndi wako, uyo ndi wanga. Aliyense ali phee, pakuti wina akangogwedezeka nthawi isanakwane timu yonse imalangidwa. Kenako mpira wadutsa pakati pa miyendo kupita m'manja mwa woponya, ndipo nthawi yomweyo zifuwa zawombana. Manja akufunafuna pogwira, mapazi akupondaponda mofulumira, mawondo apindika. Pakatha masekondi anayi kapena asanu wenzulo yalira. Amadzuka, kupuma pang'ono, n'kuweramanso. Zimenezi zimachitika maulendo 60 kapena 70 pamasewero amodzi.

Malamulo salola amuna asanuwa kulandira mpira woponyedwa kutsogolo, moti ambiri amapuma ntchito osagoletsapo ndi kamodzi komwe. Nambala ya munthu wa pamzere imalengezedwa pachimkuzamawu makamaka akalakwa, monga akagwira mnzake malaya, timu n'kubwezedwa mayadi khumi. Zili ngati ngolo yodzaza ndi fodya ikakwera chitunda cha ku Dowa: anthu amayamikira mwini ngolo, za ng'ombe zomwe zakoka palibe wotchula. Koma makochi amadziwa kuti popanda mzere wolimba, woponya waluso bwanji amathera pansi. N'chifukwa chake woima kumapeto kwa dzanja lamanzere, amene amateteza msana wa woponya komwe iye sakuonako, ali m'gulu la olipidwa kwambiri.

Thupi lochita kumanga

Masiku ano wa pamzere wa timu yokhala ndi mpira mu ligi ya NFL amalemera makilogalamu pafupifupi 140 ndipo amatalika mamita pafupifupi 1.95. M'zaka za m'ma 1970 wolemera makilogalamu 115 ankakwana bwinobwino. Mu 1985, pomwe William Perry ankayamba kusewerera Chicago Bears ali ndi makilogalamu pafupifupi 150, dziko lonse la America linkamuona ngati chodabwitsa. Lero anthu a msinkhu wotere ali m'timu iliyonse.

Thupi lotere ochepa okha ndi amene amabadwa nalo. Ambiri amachita kulimanga ndi chakudya komanso zitsulo, ndipo kudya kumasanduka gawo la ntchito. Joe Thomas, amene anasewerera Cleveland Browns kuyambira 2007 mpaka 2017, wakhala akufotokoza momwe ankadyera mokakamiza, ngakhale atakhuta, kuti sikelo isatsike. Atangopuma anatsika ndi makilogalamu oposa 20. Apa mpomwe tikuona kuti kunenepa kwake kunali kwa ntchito, osati kwa chibadwa.

Kukula kokha sikokwanira. Chaka chilichonse mumzinda wa Indianapolis amayesa anyamata ofuna kulowa mu NFL. Amawagoneka chagada kuti akankhe chitsulo cha makilogalamu 102 kangapo konse komwe angathe, amawathamangitsa mayadi 40, ndipo ambiri a iwo amamaliza m'masekondi asanu ndi pang'ono. Amawayesa kutalika kwa mikono ndi kukula kwa chikhatho, amaunika mawondo, amawafunsa mafunso kuti aone ngati mutu umagwira msanga. Wa pamzere ayenera kuloweza njira mazanamazana zoseweredwa, ndi kuzindikira m'kuphethira kwa diso zomwe adani akonza. Amene amaganiza kuti chimphona sichifuna nzeru sanaonetsetse ntchito imeneyi.

Khomo lopapatiza, zaka zowerengeka

Njira yake imadutsa m'kalasi. Ku America anyamata oposa miliyoni imodzi amasewera mpirawu kusekondale. Ochita bwino amapatsidwa malo aulere kuyunivesite, ndipo lamulo limati munthu sangalowe mu NFL pasanathe zaka zitatu chimalizireni sekondale. Mwa osewera a m'mayunivesite, osakwana awiri pa 100 alionse ndi amene amasankhidwa. Ligiyi, yomwe inayamba mu 1920, ili ndi matimu 32, ndipo pachaka amasankha anyamata atsopano pafupifupi 250 okha.

Kusankhidwa sikutanthauza kuti wafika. Timu imayamba zokonzekera ndi anthu 90, koma pofika kumapeto kwa Ogasiti amatsala 53. Enawo amauzidwa kuti abweze katundu wa timu azipita. Bungwe la osewera lakhala likunena kuti ambiri amakhala mu ligiyi zaka zitatu ndi miyezi yochepa basi. Nayonso penshoni imayamba kuwerengedwa munthu akakwanitsa zaka zitatu, ndiye kuti ochuluka ndithu amatuluka ali pakhomo penipeni pa penshoniyo.

Ndalama zilipo, zimenezo n'zosakanika. Mu 2024 malipiro otsikitsitsa a wosewera watsopano anali madola 795,000 pachaka. Chaka chomwecho Penei Sewell, wobadwira ku American Samoa, anasainira mgwirizano wa madola 112 miliyoni pa zaka zinayi ndi timu ya Detroit Lions. Koma ofika pamenepo ndi owerengeka, ndipo migwirizano yambiri ya mu NFL simalonjeza ndalama zonse: ukavulala kapena akapeza wina wotchipa, akhoza kukuchotsa. Pandalama zomwe walandirazo boma limadulapo msonkho waukulu, wokuimira pamalonda amatengapo zake, ndipo abale amene anakulera akuyang'ana kwa iwe. Mnyamata wa zaka 26 akhoza kupezeka ntchito yatha, zaka 50 zili patsogolo.

Mtengo umene thupi limalipira

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhani ya Mike Webster ndi imene inatsegula mkuyuwo. Iye anali wapakati wa Pittsburgh Steelers, anasewera mu NFL kuyambira 1974 mpaka 1990 ndipo anatenga chikho cha Super Bowl kanayi. Atapuma anayamba kuiwalaiwala, kupsa mtima, kusowa tulo. Banja linasokonekera, chuma chinatha, nthawi zina ankagona m'galimoto. Anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 50.

Amene anapima mtembo wake anali Dr Bennet Omalu, dokotala wobadwira ku Nigeria. Ataunika ubongo anapeza kuti unawonongeka mofanana ndi wa ankhonya akale, ndipo mu 2005 anafalitsa zomwe anapezazo. Nthendayi imatchedwa CTE. Poyamba akuluakulu a ligi anamutsutsa kwambiri, mpaka mu 2016 pomwe mkulu wina wa NFL anavomera pamaso pa aphungu a dzikolo kuti mpirawu ndi nthendayi n'zogwirizana. Mu 2017 akatswiri a ku Boston University anapima ubongo wa anthu 111 omwe anasewerapo mu NFL, ndipo 110 anapezeka nayo. Mwa anthuwo 44 anali a pamzere. Tinene chilungamo: ubongowo unaperekedwa ndi mabanja amene ankakayikira kale kuti m'bale wawo ankadwala, choncho chiwerengerochi sichikutanthauza kuti wosewera aliyense adzadwala. Chomwe chikuonetsa n'chakuti vutoli ndi lenileni.

Chowawa n'chakuti wa pamzere sachita kudikira ngozi yaikulu. Wothamanga ndi mpira amagundidwa mwamphamvu mwa apo ndi apo, koma wa pamzere mutu wake umagundana ndi wa mnzake pafupifupi ulendo uliwonse, pamasewero ndi pokonzekera pomwe. Chipewa chimateteza chigaza kuti chisasweke, koma sichiletsa ubongo kugwedezeka m'kati. Kugunda kwakung'onokung'ono kwa zaka zambiri n'kumene akatswiri akukuloza chala.

Mtima nawo umalipira. Kafukufuku wa bungwe la boma la America loona za umoyo wa anthu pantchito anapeza mu 1994 kuti a pamzere anali pachiopsezo cha kufa ndi nthenda ya mtima choposa cha amuna ena ndi theka. Kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kubanika kutulo zimawavutitsa ambiri. Reggie White, mmodzi mwa otchinga otchuka kwambiri, anamwalira mu 2004 ali ndi zaka 43. Korey Stringer wa Minnesota Vikings anafa ndi kutentha kwa thupi pokonzekera masewero mu 2001, ali ndi zaka 27. Onjezanipo mawondo, msana, mapewa ndi zala zopindika. Ligi yasintha zina: yachepetsa kugundana pokonzekera, ndipo kuyambira 2022 a pamzere amavala chophimba chofewa pamwamba pa chipewa nthawi ya zokonzekera. Koma kuwombana ndiye mwini wake wa ntchitoyi, sikungachotsedwe.

Ana a ku Africa pamzerewu

Msika wofuna matupi akuluakulu wafika kale ku Africa. Ezekiel Ansah anachoka ku Accra mu 2008 kupita kukaphunzira ku Brigham Young University. Mpirawu anauyamba mu 2010, ndipo mu 2013 anali wachisanu kusankhidwa m'dziko lonse la America. Chaka chomwecho Atlanta Falcons inasankha Stansly Maponga, wobadwira ku Harare, amene anasamukira ku America ali mwana n'kuphunzira ku Texas Christian University. Iye anasewerera timuyo zaka ziwiri, kenako n'kumayendayenda m'matimu ena kusaka malo. Moyo wa Maponga ndi umene ukuimira ambiri.

Mu 2017 NFL inakhazikitsa ndondomeko yosakira anyamata akunja. Jordan Mailata, yemwe ankasewera rugby ku Australia, anadutsira momwemo, nasankhidwa ndi Philadelphia Eagles mu 2018 asanasewerepo mpirawu, ndipo mu Febuluwale 2025 anatenga Super Bowl. Osi Umenyiora, amene anatchuka ku New York Giants, wakhala akutsogolera ntchito yosaka anyamata ku Africa, ndipo msasa woyamba wa NFL unachitikira ku Ghana mu 2022, wina ku Kenya mu 2023. Anyamata ena a ku Nigeria apeza malo kudzera m'njira imeneyi. Tisaiwale kuti ofunawo akusaka phindu lawo, ndipo pa mmodzi wotengedwa pali ambiri obwerera kwawo chimanjamanja.

Chitsanzo choyandikira kwathu chili mu rugby, momwe muli ntchito yofanana ndi ya pamzere. Tendai Mtawarira, wobadwira ku Harare mu 1985, luso lake linaonekera kusukulu za Churchill ndi Peterhouse. Atapita ku Sharks ya ku Durban, makochi anamusamutsira kutsogolo kwa mulu wa osewera okankhana. Anasewerera South Africa masewero 117, ndipo mu 2019 anali mmodzi mwa amene anakankha England mpaka kuigonjetsa 32 kwa 12 pa ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse ku Yokohama. Pakanapanda sukulu yokhala ndi bwalo ndi mphunzitsi wamaso, dzina lake sitikanalimva.

Amene anatuluka ali chilili

Pali ena amene ntchitoyi inawatumikira m'malo mowameza. Alan Page wa Minnesota Vikings anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yonse mu 1971, koma ankaphunzira zamalamulo akusewera, namaliza mu 1978. Kuyambira 1993 mpaka 2015 anali woweruza kukhothi lalikulu la chigawo cha Minnesota. Laurent Duvernay-Tardif wa ku Canada anamaliza maphunziro a udokotala ku McGill University mu 2018 akusewerera Kansas City Chiefs. Atatenga Super Bowl mu 2020 anasiya mpira kwa chaka n'kukasamalira okalamba nthawi ya mliri wa Covid-19. John Urschel anasiya Baltimore Ravens mu 2017 ali ndi zaka 26, nakapitiriza masamu ku yunivesite ya MIT mpaka kutenga digiri ya udokotala wa masamu. Onse atatu anali a pamzere. Anazindikira msanga kuti mphamvu ndi yobwereka, ndipo anagwiritsa cholembera mawondo asanathe.

Nanga kuno ku Dowa ndi Ntchisi?

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 ku Dowa ndi oposa 300,000 ku Ntchisi. Mwa anthu oposa miliyoni amenewa, ana amphamvu ndi ataliatali sangasowe. Timawaona akunyamula mabelo a fodya, akukweza matumba m'malole pa Madisi ndi pa Malomo, akupalasa kabaza m'zitunda. Ena adzikonzera zitsulo kuseri kwa nyumba: simenti wothira m'zitini ziwiri, mpope wachitsulo pakati, benchi la thabwa, ndipo madzulo amasinthana kunyamula akuwerengerana. Chidwi chilipo. Chosowa ndi njira.

Choyamba ndi chakudya, pakuti m'mera mpoyamba. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Msinkhu wa munthu umamangidwa m'masiku 1,000 oyambirira, ndipo ukatayika pamenepo n'kovuta kuubweza. Maboma athu awiriwa amalima soya, mtedza ndi nyemba zambiri, koma nthawi zambiri zonse zimapita kwa mavenda tikangokolola, mwana n'kutsala ndi phala la mgaiwa lopanda kanthu. Kusungako ndowa ya soya ndi mtedza ya phala la ana ndi chiyambi cha masewero, cha sukulu ndi cha umoyo.

Chachiwiri ndi malo a mwana wojintcha pabwalo la sukulu. Masewero athu ambiri ndi mpira wa miyendo ndi wa manja, ndipo onsewa amakonda wopepuka kapena wamtali. Koma kuponya chitsulo, kuponya nthungo, kukokana chingwe, kunyamula zitsulo ndi rugby yongokhudzana sizifuna ndalama zambiri. Sukulu monga Robert Blake ku Kongwe, masekondale oyendera ndi mapulaimale omwe, mothandizana ndi bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA, zikhoza kubwezeretsa mipikisano imeneyi. Mwawi Kumwenda ndi Temwa Chawinga atisonyeza kuti mwana wa kumudzi akhoza kufika pamwamba kunja, wina akamuona msanga.

Chachitatu ndi mutu wa mwana. Phunziro la Webster silikukhudza America yokha. M'mabwalo athu a fumbi, mnyamata akagundana ndi mnzake n'kugwa chikomokere, timamuthira madzi, akadzuka timamuombera m'manja n'kumubwezera m'bwalo. Zimenezi n'zoopsa, chifukwa kugundidwa kachiwiri ubongo usanachire kukhoza kupha. Wochita chizungulire, wosanza, wosokonezeka kapena woiwala zomwe zachitika atuluke tsiku limenelo, apite kuchipatala, ndipo asasewerenso mpaka achipatala atavomereza. Lamulo limeneli ligwire ntchito pa mpira, pa nkhonya ndi pa ligi za bonanza zomwe.

Chachinayi ndi kuchenjera. Wina akabwera kapena akalemba pa WhatsApp kuti ali ndi njira yopititsira mwana wanu kunja kukasewera, koma muyambe mwalipira, dziwani kuti ndi wakuba. Matimu enieni salipiritsa munthu amene akumufuna. Safunsa anadya phula: funsani ku Malawi National Council of Sports musanagulitse ng'ombe. Njira yeniyeni yopitira kunja imene tikuiona m'boma la Dowa ndi ya ophunzira a ku Dzaleka amene bungwe la World University Service of Canada limawatumiza kumayunivesite a ku Canada, ndipo chimene chimawatsegulira khomo ndi kukhoza m'kalasi.

Ntchito ya pamzere ndi yolemekezeka. Imafuna mphamvu, nzeru ndi mtima wogwirira ena ntchito popanda kutamandidwa. Koma imagula thupi la munthu pa zaka zochepa, n'kumusiyira ngongole ya moyo wonse, ndipo opindula nayo kwenikweni ndi amene analowamo atagwira china m'manja. Makolo, aphunzitsi ndi mafumu a ku Dowa ndi Ntchisi, mwana wojintcha musamuseke, ndipo musamuone ngati wonyamula katundu chabe. Mudyetseni bwino, mupatseni masewero omuyenera, tetezani mutu wake, ndipo koposa zonse musamulole kusiya sukulu.